Belu la pa Njira ya kwa Katunga

Ine ndinali mkazi woyamba kumudzi kwathu kukwera njinga, ndipo anthu akamva ndikunena zimenezi amayesa ndikudzitama. Ayi ndithu. Ulendo umenewo ndikaukumbukira nkhope imanditentha mpaka lero, ngakhale kuti onse amene anaona ndi maso anapita kale.

Zinachitika nkhondo ya Jeremani itatha, thonje litadzaza minda m'chigwa chathu. Amuna anga, a Zuze, anali telala. Ndinadziwana nawo akusoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina ku Chikwawa, ndipo titakwatirana anadzakhala kwathu kwa Katunga monga mkamwini, pakuti kwa ife Amang'anja mwamuna ndiye amatsata mkazi. Iwo anali Msena, ndipo kwawo mkazi ndiye amatsata mwamuna, koma anapirira. Analima munda wa amayi, anafolera nkhokwe, ndipo akakumana ndi apongozi awo panjira ankalowa m'tchire monga mwa mwambo, kufikira apongoziwo atadutsa. Kenaka Mmwenye uja anatsegula sitolo ina ku Nsanje n'kuwatumiza kumeneko. Amayi sanafune kuti ndipite, koma potsiriza anauza amalume kuti, "Kamuuzeni mkamwiniyo kuti mwanayu ndangomubwereka. Tikakolola mapira abwere naye."

Mapira anakololedwa, ena anafesedwa, nawonso n'kukololedwa, ife tili phee ku Nsanje. Ndiye kunabwera munthu wapabwato ndi uthenga wapakamwa: mwana abwere, ndipo ngati mkamwiniyo akulifunabe banja, abwere adzakhale pamudzi. A Zuze sakanasiya makina osokera, chifukwa ndiwo ankatidyetsa. Ine sindikanakana amayi. Njira inatsala imodzi, kupita tonse kukapempha chitengwa, kuti amayi ndi amalume andilole kukhala kwa mwamuna mpaka kalekale. Akanakana, ine ndikanatsala kwa Katunga, iwo n'kubwerera okha, banja n'kuthera pomwepo. Ndipo amunawo ndinkawakonda, pamodzi ndi kudzitama kwawo komwe.

Ku Nsanje a Zuze anali atagula njinga. Kunena kuti anagula n'kuchepetsa nkhani, anakwatira mkazi wachiwiri. Njingayo inkagona m'nyumba, nkhuni zanga zikunyowa panja. Amuna anjinga m'tauni monse anali owerengeka: kalaliki wa kunjanji, mphunzitsi, wogulitsa nsomba zouma wina amene zinamuyendera, ndi ena ochepa. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankakumana pansi pa mtondo, kupukuta masipoko, kuyerekezana mabelu, kenaka n'kundandana mumsewu wa m'mbali mwa Shire, ana akuthamangira pambuyo. Gululo linali ndi mkulu wake, a Alufandika, kalaliki uja, ndipo linali ndi lamulo limodzi lokha. Masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu pamsewu ankayembekezeka kutsika njinga, kuvula chipewa, n'kuima pambali mpaka fumbi lithe. A Alufandika ankati zimenezo sizinalembedwe paliponse, n'chizolowezi chabe cha anthu okonda kuopedwa. Msonkho timakhoma, ankatero, ndipo msewu timalambula ndife tomwe. Choncho anapangana kuti moni azipereka, njira azipatuka, koma kutsika ayi. Anthu anawatcha a Sititsika, ndipo dzinalo linawakomera.

Ndinene zoona, kufikira nthawi imeneyo a Zuze anali asanakumanepo ndi mzungu maso ndi maso ali panjinga. Akamuona patali ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi nkhani ndi munthu wina kukanjira ka kumanzere.

Sitima yapamtunda ikanatifikitsa ku Chiromo, ndipo mabwato okwera mtsinje analipo. Koma a Zuze anakana.

"Nkhabe! Tipita panjinga. Apongozi akaone okha kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba."

Anapita kwa wosula zitsulo, amene anawakhomera kathabwa kumbuyo kwa chishalo kuti ndizikhalapo. Anadzisokera jekete ya kaki, n'kugula chipewa cholimba chija chonga mphika chimene azungu ankavala poopa dzuwa. Ine anandisokera diresi loyera lofika m'akakolo, ine amene ndinakulira m'nsalu yakuda ija ya biriwita. Nditalivala ndinasowa poika manja.

M'mawa wonyamuka a Sititsika anabwera kudzaona kathabwako. A Alufandika anafinya tayala ndi chala, n'kuwayang'ana amuna anga.

"Zuze, kumene ukupitaku kulibe aliyense wa ife. Koma lamulo limayenda ndi mwini wake."

"Ine kutsika? Nkhabe! Mudzamufunse mkazi wangayu tikabwera."

Motero ndinasanduka mboni popanda wondifunsa.

Poyamba zinali bwino. Ndinakhala chammbali pakathabwa, dzanja limodzi litagwira jekete yawo, lina litakumbatira mtolo wa mphatso za amayi: nsalu, mchere ndi nsomba zowamba za makakana. Mphepo inkandipita m'makutu, ndipo ndinaganiza kuti mawa lomwe tikhala titafika. Tisanafike n'komwe kwa Tengani msewu unasanduka mchenga, njinga n'kuyamba kuyenda ngati munthu wochokera ku mowa wa uchema. Inapita uku, inapita uku, kenaka tonse atatu tinagona pansi, ine, a Zuze ndi njinga. Anayamba kudzutsa njinga.

Ndinawafunsa ngati kumeneku sikunali kutsika.

"Uku n'kugwa," anatero akupukuta chishalo ndi mkono wa jekete. "Kugwa lamulo silinaletse."

Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti ulendo wapanjinga ndi ulendo wapansi wokhala ndi katundu woonjezera. Pamchenga tinkakankha. Pamakande, dothi lakuda lija limene limang'ambika chilimwe, tinkakwera, koma mano ankagundana mpaka ndinadziluma lilime. Minga ya mthethe nayo inkatidikirira. Tayala likaphwa, a Zuze ankagadamitsa njinga pamthunzi, kutulutsa chubu, kuchipopa, n'kumachiyendetsa pakhutu kuti amve pamene pabooka. Anthu a m'midzi ankasonkhana kudzaonerera, ena atasiya makasu m'minda. Mayi wina anandifunsa ngati chinthucho chimadya. Ndinamuuza kuti chimadya nthawi ya anthu.

Tsiku lina zomatira zinauma m'kachitini kake chifukwa cha kutentha. A Zuze anakhala pansi nthawi yaitali akuyang'ana chubu chobooka ngati chiwayankha. Kenaka anandituma kukazula udzu wouma, n'kuupakira m'tayala mpaka linalimba. Tinayenda ndithu, koma gudumu lakumbuyo linkadumpha ngati chule, ndipo amene anali pamwamba pa gudumu limenelo ndinali ine. Titafika pamudzi pamene tinagona, sindinathe kukhala pamphasa, ndinadya chogwada. Eni nyumba anayamikira kuti mkazi wa telala ndi waulemu kwambiri.

Tikuyandikira ku Chiromo tinapeza zomatira m'sitolo, koma tinayeneranso kuwoloka Shire kuti titenge njira ya tsidya la kum'mawa, yodutsa m'munsi mwa mapiri. Mlatho wa njanji unalipo, koma unali wa sitima, choncho tinatsikira padooko. Mwini bwato anali mkulu wina wamtali, wa diso limodzi lotuwa, ndipo changu sankachidziwa. Anaizungulira njinga, anaigogoda ndi chikhadabo, n'kunena kuti sakudziwa kuti atilipiritse motani, chifukwa chinthucho si munthu, si mbuzi, si mtolo.

"Ndi katundu basi," anatero a Zuze.

"Katundu wonyamula anthu awiri? Ichi n'chamoyo ichi. Komanso bwato langa silinanyamulepo chitsulo chochuluka chonchi. Ng'ona zikamva fungo lake, mukaziyankha ndinu."

Tinakhala padookopo kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka. Mkuluyo anawolotsa amayi a mitanga ya mbatata, anawolotsa munthu wa nkhumba, anabwerera, anasuta fodya, anawolotsanso ena, ife akutidutsa ngati zitsa. Udzudzu wa ku Chiromo sudikira kuti kude. Diresi langa linali litatenga mtundu wa msewu. Ndinakhala pansi pafupi ndi mayi wina wogulitsa mbatata zophika, ndipo atandifunsa kumene tinkapita ndinamuuza za chitengwa. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Amayi ako ali ndi ana aakazi angati?"

"Ndine ndekha."

"Ii, mwanawe, ndiye ukatsala konko. Mkazi wa Chimang'anja angapereke mwana wamkazi mmodzi yekhayo? Akakalamba adzamutungira madzi ndani?"

Anandipatsa mbatata, koma sindinaidye.

Chimene chinatiwolotsa ndi kabudula. Wa mwini bwatoyo anali atang'ambika malo osayenera, ndipo a Zuze ataona anatulutsa singano ndi ulusi zimene ankasunga m'kati mwa chipewa. Mkuluyo anadzikulunga chiguduli, anakhala pansi kuyang'anira ntchitoyo ndi diso lake labwino, ndipo itatha anavala, anawerama, anadzuka, n'kunena kuti, "Pyadidi. Tendeni," kutanthauza kuti zili bwino, tiyeni. Njinga anaigoneka pakati pa bwato. A Zuze anaigwira mtsinje wonse ngati mwana wodwala, ine n'kudzigwira ndekha.

Tsidya linalo msewu unali wolimbako. Kumanja kunali mapiri, kumanzere dambo lalikulu la mabango ndi migwalangwa. Tinadutsa ku Makhanga, tinagona m'dera la kwa Mlolo, ndipo m'mawa mwake a Zuze anadzuka akuimba. Anati tayala lasiya kuphwa chifukwa njinga yazolowera ulendo. Minda ya thonje inali mbuu m'dera lonselo, ndipo n'kumeneko kumene tinakumana ndi mzungu.

Tinayamba kumva phokoso, thu-thu-thu, kenaka tinaona fumbi. Inali njinga yamoto, ndipo wokwerapo anali mmodzi wa azungu ogula thonje amene ankazungulira m'misika nyengo imeneyo. Kanjira ka kumanzere kunalibe. Uku dambo, uku minga. Ndinamva msana wa a Zuze ukuuma pansi pa dzanja langa.

"Tsikani," ndinanong'ona. "Bambo, tsikani, palibe amene akuona."

"Ukuona ndiwe."

A Zuze anapatukira m'mphepete, anapitiriza kupalasa pang'onopang'ono, n'kukweza dzanja. "Moni, bwana!" Mzunguyo anatipitirira, ndipo ndinayamba kupuma. Kenaka phokoso lija linasintha. Anali atatembenuka.

Anadzatitsekera kutsogolo. A Zuze anagwira mabuleki, phazi limodzi pansi, lina papedulo, iwo ali pachishalo. Ine ndinali nditadumpha kale.

"Iwe! Chotsa chipewa!"

"Moni ndapereka, bwana. Njira ndapatuka."

"Njinga ya ndani? Waba kuti?"

"Ndi yanga, bwana. Ndinagula ndi ntchito ya manja anga."

Mzunguyo naye sanatsike. Anangosolola kachikoti kamene kanali pachiwongolero n'kukwapula chipewa. Chinagubuduka mumsewu ngati chivundikiro cha mphika, singano ndi ulusi zikumwazika, ndipo nsonga ya chikoti inawadula pakhutu. Kenaka anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anaseka, n'kuliza chinjinga chake kumapita.

Ndinatola chipewa, ndinafunafuna singano m'fumbi. Magazi ankatsikira m'kolala ya jekete yatsopano ija. Ndinawachitira manyazi amuna anga, mwamuna wamkulu kukwapulidwa mkazi wake akuona, ndipo ndinachedwa dala ndi singanozo kuti ndisawayang'ane kumaso.

"Waona?" anatero a Zuze. "Sindinatsike. Phazi limodzi siliwerengedwa. Chipewa sindinavule ndine, chachita kugwetsedwa. Ukawauze choncho a Alufandika."

"Ndikawauza."

"Ndinali pachishalo."

"Munali pachishalo, bambo."

Kuchokera pamenepo a Zuze anasintha. Nyimbo zinatha, nthabwala zinatha. Chipewa anachikokera pansi kuti chibise khutu, ndipo chala chawo sichinachokenso pabelu. Kale ankaliza kamodzi n'kunena kuti, "Zikomo, tidutse nawo," ndipo anthu ankapatuka akuseka. Tsopano ankaliza akadali patali, ngiri-ngiri-ngiri, osachepetsa liwiro, osalankhula. Anthu a kumeneko njinga ankaidziwa ngati chinthu cha azungu ndi amesenjala a boma, choncho sankadikira kuona nkhope. Akangoona chipewa ndi kaki ankadziponya m'tchire. Nkhalamba ina inataya mtolo wa mabango. Atsikana ochokera kumadzi anakhuthula mitsuko yawo. Bambo wina anavula kansanza kamene anamanga kumutu, n'kuima chilili maso ali pansi mpaka titapita. Ine ndili kumbuyo ndinkaona mapewa a amuna anga akukwera pang'onopang'ono.

"Bambo, belulo lachuluka."

"Msewu ndi wa aliyense. N'zimene tikulimbanira ife."

"Nanga akugwera m'mingawa si aliyense?"

"Ndawauza ndine kuti athawe? Ine ndikungoliza belu."

Sindinapitirize, chifukwa khutu lija linali litatupa ndipo ndinkawamvera chisoni. Ndinangofunda mpango kumutu ndi kumaso n'kusiya maso okha. Fumbi linalipo ndithu, koma ndinkabisalanso anthu amene tinkawadutsawo.

Kwa Makhuwira tinapumula kwa munthu wina amene a Zuze anamusokerapo malaya aukwati. Ndinachapa diresi mumtsinje mpaka linayeranso, iwo n'kuchapa kolala ya jekete ndi kupukuta njinga sipoko ndi sipoko. Tinakhala pamthunzi kukonza mawu okanena kwa amalume. Tikanena kuti ndizibwera kudzathandiza kukolola chaka chilichonse. Tikanena kuti mwana woyamba wamkazi adzakulira kwa agogo ake. A Zuze anawonjeza kuti adzasoka zovala za mbumba yonse kwaulere, ndipo ndinawauza kuti asalonjeze asanaione kukula kwake mbumbayo.

"Koma tikayandikira mudzi mukatsike," ndinawauza. "Tikalowe chokankha, chipewa chili m'manja. Mukakumana ndi amayi, mwambo mukuudziwa."

"Ndikuudziwa. Apongozi si mzungu. Pamlambe paja polowera m'mudzi ndikatsika."

Pamlambepo sitinafike. Dzuwa linali litapendeka, njira inali yopapatiza, yotsetsereka pang'ono, zitsamba zaminga mbali zonse. Kutsogolo kunali mayi atasenza dengu, khasu lili paphewa, akuchokera kudimba. Ine ndinali chammbali, msana wa a Zuze utanditchinga, ndipo ndinangoona dengu lokha. Belu linalira. Ndinasuzumira, n'kuona mayendedwe aja, kutsimphina pang'ono kwa mwendo wakumanzere umene unalumidwa ndi njoka ine ndili wamng'ono. Anali amayi anga. Ndinafuna kukuwa koma mawu sanatuluke, ndiye ndinangokoka jekete. A Zuze anayesa ndikuopa kugwa, ndipo analizanso belu, mwamphamvu.

Amayi anacheuka kamodzi kokha. Anaona chipewa, kaki, ndi chinthu choyera kumbuyo. Anadziponya kumbali, dengu linagwa, maungu n'kugubudukira m'njira. Anagwada m'minga momwemo, mutu pansi, n'kuyamba kuomba m'manja.

"Moni, bwana. Moni, dona. Pepani, sindinamve msanga. Makutuwa atha, bwana."

A Zuze anawazindikira mawu. Anagwira mabuleki mwadzidzidzi, ine n'kutsetsereka pakathabwa n'kuima ndi mapazi, ndipo iwo anachita zimene mkamwini amachita akakumana ndi apongozi. Anaisiya njinga ikugwa, anathawira m'tchire la mbali inayo, n'kukagwada kuseri kwa chitsamba. Choncho panjira panatsala ine ndekha, chiimirire, m'diresi loyera, nkhope yofundidwa, mayi wondibereka atagwada kumapazi anga. Ankaombabe m'manja, chifukwa mzungu sankamuyang'ana kumaso asanakulole.

Manyazi ngati amenewo sindinawamveponso m'moyo mwanga. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji manja a amayi akulirabe. Potsiriza ndinavula mpango n'kugwada.

"Amayi, ndine."

Manja anaima. Anadzutsa mutu pang'onopang'ono, anandiyang'ana ine, anayang'ana njinga gudumu lake likuzungulirabe, kenaka anayang'ana chipewa chimene chinkaonekera pamwamba pa chitsamba.

"Dinala?"

"Ndine, amayi."

"Uyo ndi mkamwini wanga?"

"Ndi iwo."

Sanakalipe. Akanakalipa zikanakhalako bwino. Ndinawapatsa dzanja koma anadzuka okha, n'kuyamba kuzula minga m'mawondo mwawo, umodzi umodzi. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti sitinali tokha. Amayi awiri a m'mudzi mwathu, ochokeranso kudimba, anali ataima chapatali, wina atadzitseka pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Ndinatola maungu n'kuwabwezera m'dengu, ndipo nditati ndisenze amayi anandiletsa.

"Siya. Ungadetse diresi."

Tinalowa m'mudzi mondondozana, amayi patsogolo ndi dengu lawo, ine pambuyo chimanjamanja, a Zuze kutali kwambiri akukankha njinga, chipewa chili m'khwapa. Nkhani inali itatitsogolera kale. Ana ankagwada ndikamadutsa, kuomba m'manja, "Moni, dona," n'kuthawa akuseka. Palibe amene anabwera kudzazungulira njinga monga ankachitira m'midzi ina yonse. Ndinalowa m'nyumba n'kuvula diresilo, ndipo mchemwali wanga wa kwa amayi aang'ono anandibwereka nsalu.

Tinadikira kuti nkhoswe ya a Zuze ifike kuchokera ku Chikwawa, ndipo itafika amalume anatisonkhanitsa pamthunzi. A Zuze anakhala patali, mutu uli pansi. Amayi anakhala kuseri kwa nkhokwe, kumene ankamva zonse koma osaonana ndi mkamwini. Mawu onse amene tinakonza kwa Makhuwira anatithawa. Nkhosweyo inayala nsalu, mchere ndi nsomba, inapepesa za panjira paja, inapepesanso kachiwiri, kenaka inatchula chitengwa ndi mawu otsika ngati munthu wodzapala moto pakhomo pamene anayambana napo. Amalume anapukusa mutu isanamalize n'komwe. Anati mlongo wawo ali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, munda ukufuna manja, ndipo munthu woliza belu kwa apongozi ake ngati akuthamangitsa mbuzi ayenera kukhala pamudzi kuti aphunzirenso ulemu. Ngati sangathe, njira ya ku Nsanje akuidziwa, apite yekha. Ndinayang'ana amuna anga ndi khutu lawo lotupa, ndipo ndinadziwa kuti banja latha.

Ndiye mawu anachokera kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene, apatseni."

Amalume anacheuka. "Mwati chiyani, mlongo?"

"Ndati amutenge. Mkamwini amakhala pamudzi kuti ine ndikamadutsa iye azipatuka. Uyu ndamupatukira ine, ndamugwadira, anthu akuona. Ndizikumana naye bwanji panjira ya kudimba? Azithawa ndani, azitsala ndani? Mwanayonso ndamutchula dona ndi pakamwa panga pomwe. Dona ndingamutume kukatunga madzi? Apite."

Amalume anayesa kuwabweza, koma kuseri kwa nkhokwe sikunachokenso liwu lina. Motero chimene tinagwera pamchenga, chimene tinalumidwira ndi udzudzu ku Chiromo, tinachipeza ife osanena kanthu. Nkhoswe inaomba m'manja pothokoza ikuti, "Takhuta, takhuta." A Zuze anaomba nawo, koma mutu sanadzutse. Ine ndinalira, ndipo ena anayesa n'chimwemwe.

Ndinakhalako masiku angapo ndisanabwerere. Ndinkadzuka m'mamawa kusesa pabwalo, kutunga madzi, kusinja, kuchita chilichonse chimene ndikanatha, kuti mwina amayi angandikalipire kuti ufa sunasalale kapena mtsuko sindinatsuke bwino. Sanandiletse, sanandikalipire. Chakudya ankandipakulira chabwino, m'mbale ya alendo. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mchemwali wanga uja, ine ndili pomwepo.

Tsiku lonyamuka ndinapita kukagwada pakhomo pawo. Anali akupeta mapira. Chibadwire changa amayi ankanditchula kuti iwe, pokalipa ndi pondisisita pomwe, ndipo ndinkayembekeza kuti anena kuti pita bwino mwana wanga.

"Amayi, ndikupita."

Sanasiye kupeta.

"Pitani bwino," anatero.